Chidindo cha Lachisanu

Ndagwirapo ntchito pansi pa anthu opanda nzeru ambiri, koma amene amandibweretsera malovu owawa m'kamwa mpaka lero ndi katswiri wina wa makompyuta amene anatsika ndege ku Mfuwe atavala nsapato zosongoka, dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Pofika pa kampu yathu anali akuyenda modumphadumpha pa mchenga wotentha, uku akudzikupiza ndi chipewa chimene anagula pa bwalo la ndege pomwepo. Ameneyo ndiye anatibweretsera makina amene, patapita chaka, anaika ntchito ndi dzina la achimwene anga pa mlandu.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa kampu ya masikauti, alonda a m'tchire, ku Mnkhanya m'chigwa cha Luangwa. Kampuyo inali ya bungwe lina loteteza nyama zakutchire, ndipo ntchito yanga inali kulemba za mfuti: ndani watenga mfuti iti, zipolopolo zingati, akupita kuti, wabweza liti. Achimwene, oyamba kubadwa m'mimba mwathu, anali sikauti pa kampu yomweyo. Anali atayenda m'tchire zaka zoposa khumi, ndipo ndiwo anandipemphera ntchitoyo nditamaliza sukulu n'kukhala pakhomo zaka ziwiri ndikungothyola thonje. Banja lathu linatsika kuchokera ku Katete ife tili ana, choncho kunyumba tinkalankhula Chinyanja chathu, pomwe anzathu ambiri pa kampu ankatembenukira ku Chikunda akafuna kutijeda.

Katswiriyo asanabwere ndinkalemba m'buku lalikulu lachikuto chakuda. Bukulo silinalakwire munthu. Koma anthu othandiza bungwe lathu, amene sitinawaonepo nkhope, anati mabuku amang'ambidwa masamba, amadyedwa ndi chiswe, ndipo cholembera chimamvera aliyense wochigwira. Ndiye anatitumizira kakompyuta ka m'manja kotchedwa tabuleti pamodzi ndi mwini nsapato zija kuti atiphunzitse.

Anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa msikidzi n'kutifotokozera mochedwetsa mawu, ngati akulankhula ndi ana a giredi wani. Anati mzere uliwonse umene ndalemba, makinawo amausakaniza ndi chidindo cha mzere wapamwamba pake n'kutulutsa chidindo chatsopano. Chidindocho sichinali cha inki ayi. Unali mndandanda wa zilembo ndi manambala osakanikirana, sikisite-folo pamodzi, opanda tanthauzo lililonse. Motero mzere wa lero unkagwira wa dzulo, wa dzulo n'kugwira wa dzana, mpaka kumayambiriro, monga tcheni cha njinga. Munthu akasintha chilembo chimodzi chokha m'mzere wakale, chidindo chake chimasintha, ndipo mizere yonse yapansi pake imasiya kugwirizana nacho. Ukadina batani loyesera, kadontho kobiriwira kankatanthauza kuti tcheni chili bwino, kofiira kuti wina wagwira pamene sanayenera kugwira.

“Ba sisita,” anatero akundiloza ndi cholembera chake chonyezimira, “buku inganame, munthu anganame, koma iyi sisitemu siinama.”

Ine sindinali sisita wake, ndipo munthu amene sadziwa kusiyanitsa ndowe ya njovu ndi chulu ndinalibe naye chikhulupiriro. Komabe ndinamvetsera, chifukwa pakati pa tonse ine ndekha ndinali woti ndidzagwire chinthucho. Masikauti anali atayamba kale kuwodzera.

Zidindozo zinayenera kumapita zokha ku kompyuta yaikulu ku Lusaka. Koma pa kampu pathu netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu kuseri kwa khitchini, nayonso mphepo ikafuna. Katswiriyo anati za kompyuta yaikulu zidzabwera m'gawo lachiwiri la pulojekiti, ndipo gawo lachiwirilo tikulidikirabe. M'malo mwake anatisiyira lamulo ili: Lachisanu lililonse pa fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana, ndizitenga chidindo cha mzere womalizira n'kuchiwerenga pa wailesi ya ovaova kuti munthu wa pa kampu ina ya bungwelo, ku Nsefu, achilembe m'buku. Anati chidindo chimodzi chomaliziracho chimanyamula mizere yonse ya m'mbuyo. Chikalembedwa kutali, m'manja mwa munthu wina, palibenso angasinthe zakale osagwidwa, ndipo woyesa safunika kuwerenga mizere yonse, amangoyerekeza chidindo cha m'buku ndi cha m'makina. Ndinaseka chamumtima. Anthu anakwera ndege kudzatichotsera buku, kenaka makina awo n'kumafunanso buku loti liwasunge.

Wolemba wa ku Nsefu anali mdala wina, sikauti wakale amene njati inamuthyola mwendo, ndipo bungwe linamuika pa wailesi posowa pomutaya. Nkhope yake sindinkaidziwa. Ndinkangodziwa mawu ake okokakoka ndi chifuwa chake cha fodya wa chingambwe. Ankayamba ndi mwaswera bwanji, n'kufunsa za pa kampu, za achimwene, za mvula, ngati batire ya wailesi ndi ya atate ake. Ndikayamba kuwerenga ankafuna zilembo zinayizinayi, aliyense ndimupatse nthawi yolemba, ndipo ndikamaliza ankandiwerengera zonse kuyambira poyamba kuti titsimikize. Akaphonya chimodzi tinkayambiranso. Ntchito ya mphindi ziwiri inkadya theka la ola, ine thukuta lili kamukamu m'kaofesi ka malata. Kunja masikauti ankandiyeserera mawu, wina akuti efu seveni, mnzake akuyankha ameni. Ndinkamuda mdalayo ndi mtima wonse, ndipo ndinkauza aliyense kuti ku Nsefu anaika fulu pa wailesi.

Mkulu wa kampu yathu tinkangomutcha kapitawo. Anali munthu wa mimba yotsogola, wokonda kuvala wezulo m'khosi ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo nsapato zake za patirolo zinali zatsopano chaka ndi chaka chifukwa sizinkadziwa minga. Akaona galimoto ya akuluakulu ankayamba kukalipa m'Chingerezi kuti amveke wolimbikira ntchito. Galimoto ikachoka ankabwerera pa mpando wake wa pansi pa msikidzi, n'kumatuma masikauti kukamugulira nsomba zouma ku mtsinje. Achimwene ankamulemekeza monga mwa udindo wake, ine ndinkamupatsa ulemu wa pakamwa pokha.

Miyezi iwiri yoyambirira ndinkalakwitsa kulemba kawirikawiri, poti zala zanga zinazolowera cholembera. Nambala ya mfuti ikalakwika, panalibe njira yofufutira, ndipo tinkakwera pa chulu kukaimbira katswiri uja foni. Posakhalitsa anatopa nafe. Atabweranso anapatsa kapitawo nambala yachinsinsi yotsegulira mzere wolakwika. Mzerewo ukakonzedwa, makinawo ankadindanso okha mizere yonse yapansi pake, ndipo kadontho kankabiriwiranso ngati palibe chachitika. Ndinamufunsa katswiriyo pamaso pa onse kuti nanga tcheni chake chija chatsala ndi ntchito yanji ngati pali munthu amene angachimasule n'kuchilumikizanso. Anandiyang'ana modabwa kuti mkazi wa kuchigwa angafunse funso lotere, kenaka anayankha kuti n'chifukwa chake pali Lachisanu. Zolakwa zizikonzedwa mlungu womwewo. Chidindo chikangopita ku Nsefu, chimene chalembedwa chalembedwa, ndipo wosintha pambuyo pake adzasemphana ndi buku la mdala uja.

Ndinamva bwino lomwe. Ndikulemba izi kuti pasakhale wondichitira chifundo poganiza kuti sindinkadziwa. Pa kampu yonse, amene anamvetsa ntchito ya Lachisanu ndinali ine.

Kwa miyezi yambiri ndinkatumiza mokhulupirika, ndikung'ung'udza. Chakumapeto kwa Ogasiti batire ya wailesi inafa tsiku Lachisanu, ndipo sindinatumize. Kumwamba sikunagwe. Palibe anandifunsa, ngakhale kapitawo, ngakhale a ku Lusaka. Apa ndipo ndinazindikira kuti theka la ola limene ndinkaphikidwa m'malata muja linali la ine ndi mdala yekha, ndipo dziko lonse linalibe nalo ntchito. Kuyambira pamenepo ndinkatumiza ndikafuna. Galimoto yokatenga chakudya cha masikauti inkapita ku Mfuwe Lachisanu masana, ndipo mpando wakutsogolo unkakhala wopanda munthu. Milungu ina ndinkatumiza, milungu ina ndinkakwera galimoto, osasunga n'komwe kuti uti ndi uti.

Lolemba lina mu Okutobala kapitawo analowa mu ofesi m'mawa n'kunena kuti akutenga mfuti nambala seveni ndi zipolopolo faifi, akukathamangitsa njovu zimene zinkavutitsa anthu pa mitengo ya mango kumudzi kwa apongozi ake. Ndinadabwa kuti munthu ameneyu wakumbuka kumene mfuti imagwiridwa, koma ndinalemba dzina lake ndi zala zangazi. Achimwene mlungu umenewo anali pa tchuthi kumunda kwawo, akusosa ndi kumanga nsanja yolondera njovu, ali awiriwiri ndi alamu anga. Lachitatu kapitawo anabweza mfutiyo ndi zipolopolo ziwiri, nati zitatu anaombera m'mwamba. Ndinalembanso momwemo.

Mlungu wotsatira, Lachitatu, anthu a boma oyang'anira nyama anagwira amuna awiri chakufupi ndi dera la Nkwali ali ndi matumba a nyama ya njati yowamba pa njinga. Powapanikiza, amunawo anati iwo anangonyamula, woombera anali munthu wa yunifolomu, ndipo anakawasonyeza pamene njatiyo inagwera. Pamalopo anatola makhokho atatu a zipolopolo za mtundu umene kampu yathu inkagwiritsa ntchito. Uthenga unafika pa kampu kuti akuluakulu akubwera.

Lachinayi m'mawa kapitawo anandituma kukawerenga mabulangete ndi mahema m'sitolo, ntchito imene inali isanachitikepo chiyambire, ndipo iye anatsala mu ofesi. Lachisanu, fifitini awazi itatsala pang'ono, anabwera yekha pakhomo la ofesi.

“Lero ndi Lachisanu, mayi kalaliki. Mwaiwala kodi? Tumizani chidindo ku Nsefu.”

Chaka chonse munthu ameneyu anali asanatchulepo mawu oti chidindo. Ine, wochenjera uja, amene ndinkaona kupusa kwa aliyense, ndinaganiza kuti akungokonza pakhomo poti alendo akubwera. Ndinamuseka mumtima chifukwa cha mantha ake. Ndinatsegula tabuleti, osayang'ana n'komwe mizere ya m'mbuyo, n'kuwerenga zilembo zonse sikisite-folo momveka bwino, iye ataima pambali panga manja ali kumbuyo. Mdala wa ku Nsefu anandiwerengera mobwereza, tinagwirizana, ndipo kapitawo anapita kukakhala pa mpando wake.

Lolemba achimwene anaitanidwa kuchokera kumunda. Anafika pa njinga, atavala yunifolomu yosita bwino, akuganiza kuti kwagwa ntchito yadzidzidzi. Anauzidwa kuti makina akusonyeza kuti mfuti nambala seveni inali m'manja mwawo masiku amene njati inaphedwa, ndipo asachoke pa kampu mpaka akuluakulu atafika. Ndinathamangira mu ofesi n'kutsegula mzere wa Lolemba limene mfutiyo inatengedwa. Pamene ndinalemba dzina la kapitawo panali dzina la achimwene, ndipo pa mzere wobweza mfuti chimodzimodzi. Ndinadina batani loyesera, kadontho n'kubiriwira. Ndinakhala pansi pa simenti.

Madzulo a tsikulo ndinawapeza achimwene atakhala pa chitsa kuseri kwa nyumba za masikauti. Ndinawauza kuti asade nkhawa, chifukwa buku la ku Nsefu lidzawapulumutsa. Ndinawafotokozera kuti chidindo cha Lachisanu loyamba pambuyo pa Lolemba lija chinalembedwa dzina lisanasinthidwe, ndiye sichingagwirizane ndi zimene zili m'makina tsopano. Sanamvetse zonse, koma anandikhulupirira, poti kwathu wa sukulu ndinali ine. Anangofunsa ngati ndinatumizadi tsiku limenelo, ndipo ndinati inde. Sindinkawanamiza dala. Ndinali nditadziuza kambirimbiri kuti ndinatumiza, mpaka ndinayamba kukumbukira kutentha kwa mu ofesi tsikulo ndi chifuwa cha mdala pa wailesi. Koma usiku umenewo ndinalephera kudya.

Akuluakulu anabwera awiri, bambo wa imvi ndi mayi wa magalasi, pamodzi ndi katswiri uja. Ulendo uno anavala nsapato za patirolo zogula mumzinda, zoyera pansi. Tinakhala pansi pa msikidzi, masikauti onse ataima mozungulira. Katswiriyo anaika tabuleti pa tebulo, anadina batani, n'kuitembenuza kuti aliyense aone kadontho kobiriwira. Anaoneka wokondwa ngati mwana wake wakhoza mayeso. Kapitawo anapukusa mutu mwachisoni, nati zimamupweteka kwambiri chifukwa achimwene ankawatenga ngati m'bale wake weniweni.

Ndinaimirira osapatsidwa mpata. Ndinanena kuti dzina limene ndinalemba Lolemba lija linali la kapitawo, kuti iye yekha ndiye anali ndi nambala yachinsinsi, ndiponso kuti Lachinayi ananditumiza m'sitolo n'kutsala ndi tabuleti. Kapitawo sanakwiye n'komwe. Anangouza akuluakuluwo mofatsa kuti mayi kalaliki ndi mlongo wake wa woimbidwa mlandu, ndipo aliyense angachite chimodzimodzi pofuna kuteteza magazi ake. Masikauti amene anamuona akutuluka ndi mfuti tsiku lija anayang'ana nsapato zawo. Ndinawadutsa ndi maso mmodzimmodzi, amuna amene ankadzitama kuti anaimapo maso ndi maso ndi mkango, ndipo palibe anakweza mutu. Pamenepo ndinati atumize galimoto ku Nsefu ikatenge buku.

Katswiriyo anachita ngati wakumbutsidwa za m'bale amene anamwalira kalekale. Lamulo analiika yekha, koma chaka chonse sanafunsepo ngati bukulo liliko. Mayi wa magalasi anati galimoto ipite.

Tinadikira maola atatu. Galimoto itabwera, dalaivala anati mdalayo anakana kupereka buku m'manja mwa munthu wina, ndiye wabwera nalo yekha. Anatsika movutikira, mwendo umodzi wouma, atavala malaya a yunifolomu yakale yotuwa koma yomangidwa mabatani mpaka m'khosi. Buku analikulunga m'pepala la pulasitiki n'kulimanga ndi mphira wa chubu. Anapereka moni kwa aliyense, kuyambira akuluakulu mpaka wophika, ena m'Chikunda ena m'Chinyanja. Atafika pa ine anamva mawu anga n'kumwetulira, nati kodi ndinu mayi a Lachisanu, mwaswera bwanji. Ndinayankha ndikuyang'ana kumbali.

Bambo wa imvi anafunsa ngati tikhala pamenepo mpaka mawa kuwerenga chaka chonse. Apa katswiriyo anapezanso mpata wodzionetsa. Anati ubwino wa njira yake ndi womwewo, sipafunika kuwerenga zonse. Mizere ingachuluke bwanji, pafunika malo awiri okha: chidindo chimodzi cha Lolemba lija lisanafike, kuti tione ngati buku ndi makina zimagwirizana, ndi chidindo cha Lachisanu loyamba pambuyo pake. Chachiwiricho chikasemphana ndi makina, ndiye kuti wina anasintha. Zinandinyansa kuti ankanena zoona, ndiponso kuti nzeru imeneyi inalidi yabwino ngakhale inatuluka m'kamwa mwake.

Madala aja anamasula mphira, anavala magalasi omangidwa ndi ulusi, n'kutsegula buku. Tsamba lililonse linali lojambulidwa mizere ndi rula, tsiku kumanzere, zilembo m'magulu a zinayizinayi, zoima bwino ngati za mphunzitsi. Anawerenga chidindo chakumapeto kwa Sepitembala pang'onopang'ono, katswiri akutsatira pa tabuleti, ndipo chinagwirizana mpaka chilembo chomaliza. Katswiriyo anati tsopano apite pa Lachisanu la mlungu wa mfuti. Madalawo anatsitsa chala pa tsambalo, anaima, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, munali chisoni. Mayi wa magalasi anawauza kuti awerenge chimene chalembedwa.

“Palembedwa kuti: Sanatumize. Ndinaitana katatu, fifitini awazi, fifitini sate, sikisitini awazi. Sanayankhe.”

Ndinamva nkhunda ikulira kutsidya kwa msewu, ndipo pomwepo chikumbumtima chonama chija chinasungunuka, n'kutsala tsiku lenilenilo monga linalili. Katswiriyo anafunsa za Lachisanu lotsatira. Limenelo linalipo, lolembedwa bwino, ndipo linagwirizana ndi makina chilembo ndi chilembo. Linali lija ndinawerenga kapitawo ataima pambali panga. Bodza lake ndinalidinda ndine, ndi mawu anga, ndipo madala osalakwawo analisunga mosamala m'pulasitiki.

Katswiriyo anatseka tabuleti nanena kuti malinga ndi umboni umene ulipo, palibe chosonyeza kuti mzerewo unasinthidwa. Mayi wa magalasi anamufunsa ngati pali chosonyeza kuti sunasinthidwe. Anayamba kuyankha zazitali za gawo lachiwiri la pulojekiti, ndipo bambo wa imvi anayang'ana wotchi, poti ndege inkanyamuka madzulo omwewo. Anapita kukanong'onezana m'galimoto kwa mphindi zochepa. Pobwera anati nkhaniyi saipititsa ku polisi chifukwa amuna ogwidwa aja sanathe kuloza nkhope, koma bungwe silingasunge sikauti amene dzina lake lili pa mfuti imeneyo. Anachitcha chifundo. Za ine anati ndilandira kalata yochenjeza chifukwa chosatsata ndondomeko. Za nambala yachinsinsi palibe anatchulanso, ndipo kapitawo anawatsegulira chitseko cha galimoto akuwerama.

Madala a ku Nsefu anakulunganso buku lawo. Asanakwere galimoto anapita kwa achimwene n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri kwa nthawi yaitali, akulankhula nawo motsitsa m'Chikunda. Kwa ine anangoti Lachisanu adzakhala pa wailesi monga mwa masiku onse. Ndikanakonda akananditukwana.

Achimwene anavula yunifolomu m'chipinda cha masikauti, anaipinda bwinobwino, n'kuipereka pamodzi ndi nsapato ndi lamba. Amene analemba kuti zabwezedwa ndinali ine, pa tabuleti yomweyo, ndipo makinawo anadinda mzerewo monga ina yonse. Anatuluka atavala malaya obwereka ndi patapata. Ndinawatsatira mpaka pa msewu. Sanakwere njinga, ankangoikankha, ine ndikuyenda pambuyo pawo m'fumbi. Tinayenda mtunda ndithu, mpaka tinadutsa pa mjigo pamene amayi ena anatipatsa moni ife n'kuyankha ngati anthu abwinobwino.

“Unali kuti tsiku limenelo?” anandifunsa osatembenuka.

“Ku Mfuwe, achimwene.”

“Kuchipatala?”

Anandipatsa khomo lothawira, ndipo ndikudziwa kuti akanalandira bodza limenelo ndi manja awiri. Koma ndinali nditawanamiza kale kamodzi mlungu womwewo.

“Ayi. Ndinakalukitsa tsitsi.”

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa feteleza. Kenaka anaimitsa njinga n'kundiuza kuti ndikwere pa keriyala, kunyumba n'kutali ndipo dzuwa lapendeka. Ndinalira njira yonse nditagwira malaya obwerekawo, iwo akupalasa.

Pa kampu ndinakhalapo mpaka mvula itayamba, kenaka ndinasiya. Kapitawo anakhalabe zaka zina, mimba ikukulirakulira, ndipo ndinamva kuti katswiri uja anakaika makina ake m'makampu enanso. Achimwene anayesa kufunsira ntchito ya ulonda m'malo ogona alendo a m'mbali mwa Luangwa, koma chigwa chino n'chaching'ono, ndipo mbiri ya njati inkafika iwo asanafike. Tsopano amalima thonje ndi chimanga, ndipo mwana wawo wamkulu, amene ankafuna kudzaphunzira unamwino, anakwatiwa chaka chathachi.

Amayi athu akadali moyo, ndipo amakhala kwa achimwene. Iwo amadziwa kuti mwana wawo anachotsedwa ntchito ndi makina a azungu amene ananamizira munthu wosalakwa. Za Lachisanu sadziwa. Achimwene sanawauze, sanauze alamu anga, ndipo ine sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene tinakangana kwambiri za malire a munda. Ndikapita kukawaona Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, amayi amayambitsa nkhaniyo nthawi zonse. Amatukwana makinawo, amatukwana kapitawo ndi mtundu wake wonse, amatukwana katswiri uja wa ku Lusaka amene sanamuonepo. Kenaka amatembenukira kwa ine kuti ndiwonjezere, poti ndine ndinaziona ndi maso ndipo pakamwa panga m'pakuthwa.

Ndipo ndimawonjezera. Ndimawayeserera mmene katswiri ankayendera pa mchenga, mmene kapitawo ankaweramira pa chitseko cha galimoto, mpaka amayi amaseka n'kupukuta misozi ndi chitenje. Achimwene amakhala pomwepo pa khonde, akusoka thumba la thonje, ndipo samakweza mutu.